Kuthandiza mwana wa ku pulayimale kuwerenga: zimene wodzipereka ayenera kudziwa

M'chaka cha 2019, Banki Yaikulu Padziko Lonse mogwirizana ndi nthambi ya ziwerengero ya UNESCO (bungwe la United Nations loona za maphunziro) inalengeza kuti m'mayiko osauka ndi a chuma chapakati, ana 53 mwa ana 100 alionse amafika zaka 10 asanathe kuwerenga kankhani kosavuta n'kumvetsa zimene kakunena. Mu 2022, sukulu zitatsekedwa kwa miyezi yambiri chifukwa cha mliri wa Covid-19, mabungwewa ndi anzawo anayerekezera kuti chiwerengerocho chinali chitafika pa 70. Chodetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa ana amenewa analembetsa sukulu, amalowa m'kalasi ndipo amakwera kalasi chaka ndi chaka, koma buku likatsegulidwa pamaso pawo siliwauza kanthu.

Anthu ambiri akamva zimenezi amafuna kuchitapo kanthu. Pali aphunzitsi opuma pantchito, ophunzira a m'makoleji, makolo ndi achinyamata amene amapereka maola angapo pa sabata, popanda malipiro, kuti akhale pansi ndi ana n'kuwathandiza kuwerenga. Funso loyenera kufunsidwa mosabisa n'lakuti kodi khama limeneli limasinthadi kanthu pa mwana. Zimene ofufuza apeza zikusonyeza kuti nthawi zina limasintha zambiri ndipo nthawi zina silisintha chilichonse, ndipo kusiyanako sikuchokera pa kukula kwa chifundo cha wodziperekayo. Kumachokera pa zinthu zitatu: ngati iye akudziwa pamene mwanayo waima, ngati ali ndi njira yomveka yomuchotsera pamenepo, komanso ngati amabweradi pa tsiku limene analonjeza.

Kuwerenga sikubwera kokha

Munthu wamkulu anaiwala kalekale mmene iye mwini anaphunzirira kuwerenga. Maso ake akagwera pa mawu tanthauzo limangotulukira, moti sakumbukiranso kuti kale chilembo chilichonse chinali ntchito yotulutsa thukuta. Mwana amaphunzira kulankhula popanda womuphunzitsa mwadongosolo, malinga ngati pali anthu olankhula naye. Kulemba ndi kuwerenga n'kosiyana, chifukwa ndi luso limene anthu anachita kutulukira, ndipo zolemba zakale kwambiri zimene zikudziwika, za ku Mesopotamia ndi ku Egypt, zili ndi zaka pafupifupi 5,000 zokha. Katswiri wa za ubongo wa ku France, Stanislas Dehaene, ndi anzake anasonyeza kuti munthu akamaphunzira kuwerenga, kachigawo kena ka kumanzere kwa ubongo, kamene poyamba kamathandiza kuzindikira zinthu ndi nkhope, kamayamba kugwira ntchito yozindikira malembo. Zimenezi zikufotokozanso chifukwa chimene ana ambiri amasokonezera b ndi d, kapena p ndi q. Kuyambira ali khanda, mwana amadziwa kuti kapu ndi kapu basi, kaya chogwirira chake chaloza kumanja kapena kumanzere, ndipo tsopano akuuzidwa kuti pa malembo lamulo limeneli silikugwira ntchito. Kusokoneza koteroko m'chaka choyamba kapena chachiwiri cha sukulu n'kwachibadwa, ndipo kumatha mwana akamalemba ndi kutchula malembowo kawirikawiri.

Mu 1986, Philip Gough ndi William Tunmer anafotokoza kuwerenga m'njira imene wodzipereka aliyense angaigwiritse ntchito. Iwo anati kumvetsa zimene munthu wawerenga kumachokera ku maluso awiri, luso lotembenuza malembo kukhala mawu olankhulidwa ndi luso lomvetsa mawuwo akalankhulidwa. Anatinso maluso awiriwa amachita kuchulukitsidwa monga m'masamu, kutanthauza kuti limodzi likakhala ziro, yankho limakhalanso ziro ngakhale linalo litakula chotani. Taganizirani ana awiri amene onse alephera kuyankha mafunso a pa ndime imodzi. Woyamba, mukamuwerengera ndimeyo mokweza, amayankha zonse molondola, choncho vuto lake lili pa malembo. Wachiwiri amatchula mawu onse bwinobwino, mwinanso mwaliwiro lochititsa chidwi, koma mukamufunsa kuti nkhaniyo ikunena za yani amangokuyang'anani, ndipo vuto lake lili pa chilankhulo kapena pa kusadziwa zinthu zimene nkhaniyo ikukamba. Pa mayeso ana awiriwa amapeza malikisi ofanana, koma wowathandiza mofanana adzataya nthawi ya mmodzi wa iwo.

Ku United States, gulu la akatswiri lotchedwa National Reading Panel linaunika kafukufuku wambiri, ndipo mu 2000 linatchula zinthu zisanu zimene maphunziro abwino a kuwerenga amakhala nazo: kumva maliwu amene ali m'mawu olankhulidwa, kulumikiza maliwuwo ndi malembo, kuwerenga mosadodoma, kudziwa mawu ambiri ndi matanthauzo ake, ndi kumvetsa nkhani. Choyambacho n'chimene odzipereka ambiri amachidumpha, chifukwa sichifuna buku ndipo chimaoneka ngati masewera. Komatu mwana amene khutu lake silinayambe kusiyanitsa mwachidwi chiyambi cha mawu akuti "panga" ndi "phanga", kapena "kola" ndi "khola", sadzamvetsa chimene chilembo cha h chikufuna pamenepo. Kuwomba m'manja pa phatikizo lililonse la mawu akuti ga-li-mo-to, kutchula liwu loyamba la dzina lake, kapena kunena chimene chitsale tikachotsa "ka" pa "kalulu", zonsezi ndi ntchito yeniyeni yokonza khutu kuti lidzalandire malembo.

Kutalika kwa ulendowu kumadaliranso chilankhulo. Mu 2003, Philip Seymour ndi anzake anafalitsa kafukufuku woyerekezera ana a m'mayiko oposa 10 a ku Ulaya kumapeto kwa chaka chawo choyamba cha sukulu. Ana ophunzira m'Chifinishi, Chitaliyana, Chisipanishi, Chigiriki ndi Chijeremani ankawerenga molondola mawu odziwika oposa 90 pa 100 alionse, pamene ophunzira m'Chingerezi ankatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chifukwa chake n'chakuti m'Chingerezi chilembo chimodzi chimatchulidwa m'njira zingapo, pamene m'zilankhulo zinazo mawu amalembedwa pafupifupi monga mmene amatchulidwira. Chichewa ndi Chiswahili zili m'gulu losavutali. Mwana akagwira malembo a liwu asanu aja n'kuyamba kuwaphatikiza ndi m, l, k ndi t, angathe kuwerenga mawu ambiri amene sanawaonepo, ndipo phiri lake lenileni limadza akafika pa mb, nd, ng', nkh ndi tch. Choncho si nzeru kutengera m'zilankhulo zotere njira yoloweza mawu athunthu ngati zithunzi, chifukwa kutero ndi kutaya mwayi umene kalembedwe kake kapereka kale.

Kupeza pamene mwana waima

Cholakwa chofala kwambiri pa ntchito imeneyi ndi kuyambira pa kalasi imene mwana alimo m'malo moyambira pa zimene mwanayo akudziwa. Mwana wa m'kalasi yachinayi amapatsidwa buku la kalasi yachinayi pamene sanagwire ngakhale theka la malembo, ndipo aliyense amadabwa kuti bwanji sakupita patsogolo. Bungwe la Pratham, limene linayamba ntchito zake mumzinda wa Mumbai ku India chapakati pa zaka za m'ma 1990, linakonza kayeso kachidule kamene kamagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa maphunziro a ana wotchedwa ASER kuyambira mu 2005. Ndi pepala limodzi lokha lokhala ndi magawo anayi: malembo, mawu afupiafupi, ndime yaifupi ndi kankhani kotalikirapo. Woyesa amayambira pa ndime. Mwana akaiwerenga bwino amakwera naye ku nkhani, akalephera amatsika naye ku mawu, ndipo akalepheranso amatsikira ku malembo. Amene amayenda khomo ndi khomo m'midzi ya ku India ndi pepalali ndi anthu odzipereka, ndipo kwa zaka zambiri zotsatira zake zakhala zikusonyeza kuti pafupifupi theka la ana a m'kalasi yachisanu sangawerenge nkhani ya m'kalasi yachiwiri. Wodzipereka aliyense angathe kudzikonzera pepala lotere m'chilankhulo cha mwana amene akumuthandiza, ndipo ndi bwino kumuyesanso pakapita miyezi iwiri kapena itatu n'kulemba zotsatira, popeza maso a munthu wokonda mwana sachedwa kuona kusintha kumene kulibe.

Pa kayesoka panamangidwa njira yodziwika ndi dzina lakuti Teaching at the Right Level, imene imaika ana m'magulu potengera zimene akutha kuchita, mosayang'ana zaka zawo kapena kalasi yawo. Akatswiri a zachuma Abhijit Banerjee ndi Esther Duflo, amene mu 2019 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Michael Kremer, anaunika ntchito ya Pratham kangapo pamodzi ndi anzawo. Kafukufuku wawo wina, amene anachitikira m'boma la Jaunpur ku Uttar Pradesh, ndi wofunika kwa aliyense woganiza zodzipereka. M'midzi ina anthu anangoitanidwa ku misonkhano yokambirana za maphunziro ndi udindo wa makomiti a sukulu. M'midzi ina anaphunzitsidwanso kuyesa ana awo. Ndipo m'midzi ina anthu odzipereka anaphunzitsidwa kwa masiku ochepa kaphunzitsidwe ka kuwerenga, kenako anatsegula makalasi awoawo kunja kwa nthawi ya sukulu. Misonkhano yokha sinasinthe kawerengedwe ka ana. Amene anapita patsogolo moonekeratu ndi ana amene ankapita ku makalasi a odzipereka aja, ngakhale kuti anali ochepa poyerekeza ndi onse amene ankafunika thandizo. Zikutanthauza kuti munthu wamba wophunzitsidwa pang'ono angathe kuphunzitsa mwana kuwerenga, koma kuchititsa kuti mwana woyenerayo azibwera ndi ntchito inanso payokha.

Poyesa mwana pamafunikanso kusamala ndi kuloweza. M'kalasi ya ana ambiri, mmene onse amawerenga mokweza pamodzi motsatira mphunzitsi, mwana wa mutu wogwira amatha kuloweza tsamba lonse n'kumalilakatula chala chikuyenda pansi pa mizere, moti mlendo amakhulupirira kuti akuwerenga. Njira yodziwira ndi yosavuta: lozani mawu a pakati pa tsamba, muuzeni ayambire kumapeto kwa chiganizo kubwerera m'mbuyo, kapena lembani mawu omwewo papepala lina. Mwana wotere asadzudzulidwe ngati wabodza, chifukwa anangopeza njira yodzitetezera ku manyazi, ndipo kuloweza tsamba lonse kumasonyeza kuti nzeru ali nazo.

Mphindi 30 ndi mwana mmodzi

Mphindi 30 ndi zokwanira kwa mwana wamng'ono, malinga ngati sizikuthera pa kufunafuna buku ndi kusongola pensulo. Dongosolo labwino ndi limene silisinthasintha, kuti mwana adziwe chimene chikubwera. Angayambe ndi kankhani kamene anakawerengapo kale, kuti choyamba chikhale chinthu chimene akuchitha. Kenako pabwere maliwu, malembo ndi maphatikizo atsopano. Akatero awerenge ndime yatsopano yokhala ndi maphatikizo omwewo. Ndipo amalize ndi kulemba pang'ono komanso kumvetsera nkhani. Pa chinthu chatsopano chilichonse wamkulu amasonyeza kaye yekha, kenako amachitira limodzi ndi mwana, pomaliza amamusiya achite yekha. Pa mphindi zonsezi amene ayenera kumveka kwambiri ndi mwana. Wodzipereka amene walankhula mphindi 20 mwa mphindi 30 wataya chinthu chachikulu chimene iye ali nacho pamene mphunzitsi wa ana ambiri alibe, ndicho mpata womvetsera mwana mmodzi akuwerenga mokweza.

Pamene ntchitoyi imavutira kwenikweni ndi pa nthawi imene mwana wakakamira pa mawu. Munthu wachifundo sapirira kuona mwana akuvutika, ndipo asanazindikire n'komwe amakhala atamutchulira kale mawuwo. Akachita zimenezi kangapo, mwana amaphunzira kuti akangokweza maso yankho limabwera, choncho amasiya kuyang'ana malembo n'kuyamba kuyang'ana pakamwa pa womuthandiza. Ku New Zealand, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ofufuza anakonzera makolo njira ya mfundo zitatu: kudikira, kupereka chithandizo chochepa, ndi kuyamikira. Kudikirako ndi kwa masekondi pafupifupi asanu, amene kwa wamkulu amatalika modabwitsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ana ambiri amadzikonza okha akapatsidwa mpata umenewu. Kudzikonza yekha ndi chizindikiro chabwino kwambiri, chifukwa kumasonyeza kuti mwana akumvetsera zimene akuwerenga ndipo wazindikira kuti sizikumveka. Ngati sanathe, chithandizo chikhale chomubwezera ku malembo: "Tayang'ana phatikizo loyamba, likuti chiyani? Nanga lotsatiralo? Tsopano taphatikiza." Akayesa kawiri osatha, mutchulireni mawuwo mofatsa, awabwereze, kenako awerengenso chiganizo chonse kuyambira poyamba kuti tanthauzo lisatayike. Kuyamikira nakonso kuloze chinthu chenicheni chimene wachita. Kumuuza kuti "wachita bwino" pa chilichonse sikumuphunzitsa kanthu, pamene kumuuza kuti "unayamba kunena bala, kenako unaona kuti ndi d n'kukonza wekha kuti dala" kumamusonyeza chimene ayenera kubwereza mawa.

Pali chizolowezi china chimene chimaoneka chothandiza koma chimawononga mwakachetechete, ndicho kuuza mwana kuti ayang'ane chithunzi n'kungolota mawu amene angayenere pamenepo. Njirayi inaphunzitsidwa kwa zaka zambiri m'mayiko olankhula Chingerezi, ndipo yatsutsidwa kwambiri chifukwa ofufuza anapeza kuti amene amadalira kulota ndi owerenga ofooka, pamene owerenga aluso amadalira malembo enieniwo. Dziko la England linasintha ndondomeko yake pambuyo pa lipoti la Jim Rose la mu 2006, ndipo kuyambira mu 2012 ana a zaka pafupifupi 6 amayesedwa ndi mawu 40, theka lake opeka opanda tanthauzo, n'cholinga choona ngati akuwerengadi malembo. Chithunzi chili ndi ntchito yake pokambirana nkhani, koma mabuku a makalasi apamwamba alibe zithunzi zokwanira kunyamula mwana amene anazolowera kulota.

Buku loyenera ndi limene mwana akuphonya mawu osapitirira amodzi pa mawu 10 alionse. Akamaphonya kuposa pamenepo mphamvu zake zonse zimathera pa kutchula, ndipo pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala chiyambi chake. Apa ndi pamene pagona kufunika kwa kuwerenga mosadodoma, chifukwa kutchula kukayamba kuyenda kokha maganizo amatsala ndi mpata wotsatira nkhani. Mu 1979, S. Jay Samuels anafotokoza njira yowerenga ndime yaifupi imodzimodziyo kangapo mpaka itayamba kuyenda bwino, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito, ngakhale kuti kupitirira katatu kapena kanayi kumayamba kusanduka kuloweza kuja. Kulemba nakonso kusasiyidwe. Mwana akamalemba mawu amene mwamutchulira amakakamizika kuwaphwanya m'maliwu ake n'kusankha malembo, ndipo amene walemba "buzi" m'malo mwa "mbuzi" wakusonyezani ndendende phunziro la mawa.

Luso lachiwiri lija, lomvetsa chilankhulo, limakula pamene wamkulu akuwerengera mwana nkhani zimene mwanayo sangathe kudziwerengera yekha. M'mabuku muli mawu ndi ziganizo zimene sizimveka kawirikawiri m'macheza a tsiku ndi tsiku, ndipo mwana amene wazimva ndi khutu sadzazidabwa akadzakumana nazo ndi maso. Grover Whitehurst ndi anzake anasonyeza mu 1988 kuti ana aang'ono amapindula kwambiri ngati wowawerengera akuima n'kuwafunsa mafunso, kumvetsera mayankho awo ndi kuwonjezerapo, kusiyana ndi kungowerenga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mafunso abwino ndi amene sangayankhidwe ndi "inde" kapena "ayi": ukuganiza kuti achita chiyani tsopano, n'chifukwa chiyani wakwiya, iweyo ukanatani.

UNESCO inanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino kwambiri m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba, komabe ana mamiliyoni ambiri padziko lonse amayamba sukulu m'chilankhulo chimene sachimva. Mwana wotere amalimbana ndi malembo ndi chilankhulo pa nthawi imodzi, ndipo ngakhale atatchula mawu molondola sadziwa kuti walondola, popeza mawuwo samukumbutsa chilichonse. Wodzipereka sangasinthe lamulo la sukulu, koma ngati amalankhula chilankhulo cha mwanayo angathe kumufotokozera nkhani ndi mawu ovuta m'chilankhulocho, ndiponso kumusonyeza kaphatikizidwe ka malembo pa mawu amene amawadziwa kale. Luso lophatikiza limaphunziridwa kamodzi, kenako limasamukira ku chilankhulo chachiwiri, makamaka ngati chikugwiritsa ntchito malembo omwewo.

Kubwera kawirikawiri, ndiponso msanga

Mu 2020, Andre Nickow, Philip Oreopoulos ndi Vincent Quan anasonkhanitsa zotsatira za ntchito 96 za kafukufuku wokhudza kuphunzitsa ana mmodzimmodzi kapena m'timagulu ting'onoting'ono. Anapeza kuti njirayi imathandiza kwambiri, makamaka pa kuwerenga m'makalasi oyambirira, koma anapezanso zinthu zimene wodzipereka ayenera kuzimva modzichepetsa. Mapulogalamu oyendetsedwa ndi aphunzitsi kapena othandizira aphunzitsi olembedwa ntchito ankapindulitsa ana kuposa a anthu odzipereka ndi a makolo. Ochitika mkati mwa nthawi ya sukulu ankaposa ochitika ana ataweruka. Ndipo okumana ndi mwana masiku atatu pa sabata kapena kuposerapo ankaposa okumana naye mwa apo ndi apo. Izi sizikuchotsa phindu la odzipereka. Ku United States, pulogalamu ya Reading Partners, imene odzipereka ake amakumana ndi mwana kawiri pa sabata kwa mphindi 45 akutsatira maphunziro okonzedwa kale ndiponso akuyang'aniridwa, inaunikidwa ndi bungwe lofufuza la MDRC ndipo ana ake anapezeka atapita patsogolo kuposa anzawo. Phunziro lake ndi loonekeratu: wodzipereka amafunika kuphunzitsidwa asanayambe, kupatsidwa zipangizo, kukhala ndi womuyang'anira ndi kusunga nthawi. Kuthandiza ana awiri katatu pa sabata n'kwanzeru kuposa kusangalatsa ana 20 kamodzi pamwezi, ndipo munthu amene ali ndi tsiku limodzi lokha angagwirizane ndi anzake awiri kuti azithandiza mwana mmodzi mosinthana, aliyense akulemba m'kope limodzi pamene wasiyira.

Chifukwa chimene kuchedwa kumapwetekera chinafotokozedwa ndi Keith Stanovich mu 1986, pamene anabwereka mfundo ya mu Uthenga Wabwino wa Mateyu yonena kuti amene ali nazo adzawonjezeredwa, ndipo amene alibe adzalandidwa ngakhale zochepa zimene ali nazo. Mwana amene wagwira malembo msanga amakonda kuwerenga, amawerenga zambiri, amatola mawu atsopano, ndipo buku lotsatira limamupepukira. Mnzake amene akuvutika amapewa buku, ndipo mpata pakati pa awiriwa umakula chaka chilichonse. Jeanne Chall wa ku yunivesite ya Harvard anasonyeza kuti chapafupi ndi kalasi yachinayi sukulu imasiya kuphunzitsa kuwerenga n'kuyamba kuyembekezera kuti mwana aziwerenga pofuna kuphunzira zina, ndipo kuyambira pamenepo wosadziwa kuwerenga amayamba kulephera sayansi, mbiri ngakhale masamu a m'ziganizo.

Mwana wokulirapo, wa zaka 10 kapena 12, amene sanagwirebe malembo amabwera ndi vuto linanso, ndilo manyazi. Iye wakhala akusekedwa kapena kubisala kumbuyo kwa kalasi kwa zaka zingapo, ndipo anadzigamula kale kuti ndi mbuli. Ena amasonyeza zimenezi pokhala chete, ena posokoneza anzawo, chifukwa kwa mwana kutchedwa wovuta n'kopepuka kuposa kutchedwa wopusa. Mwana wotere amafunikabe kuyambira pa maliwu ndi maphatikizo, koma asapatsidwe timabuku ta makanda pamaso pa anzake. Njira ina yabwino ndi kumupempha afotokoze chinthu chimene amachidziwa bwino, wodzipereka n'kuchilemba m'ziganizo zazifupi, kuti mawu akewo akhale ndime yake yoyamba kuwerenga.

Malire a wodzipereka

Asanayambe ntchito, wodzipereka ayenera kukumana ndi mphunzitsi wamkulu komanso mphunzitsi wa kalasi, kuti amve malembo amene aphunzitsidwa kale, dongosolo limene likutsatidwa ndi mmene maliwu akutchulidwira, chifukwa mwana amene wauzidwa china m'mawa ndi china masana amasokonezeka kuposa poyamba. Aphunzitsi athandizenso kusankha ana, popeza odzipereka akasiyidwa okha amakokedwa ndi ana ochezeka ndi ochangamuka, amene kawirikawiri safunika thandizo kwenikweni. Makolo nawonso adziwe ndi kuvomereza, ndipo ngakhale kholo losadziwa kuwerenga lingathandize pomupempha mwana kuti aliwerengere zimene waphunzira.

Pali zinthu zina zimene khama la kuwerenga silingathetse. Mwana amene amayandikitsa buku pamphuno, amatsinzinira poyang'ana pa bolodi kapena amadandaula mutu pafupipafupi ayenera kupimidwa maso, ndipo amene amatchera khutu limodzi kapena amafunsa kawirikawiri kuti mubwereze ayenera kupimidwa makutu. Palinso vuto lotchedwa dyslexia, limene limachititsa mwana kuvutika kulumikiza maliwu ndi malembo ngakhale ali wanzeru ndiponso waphunzitsidwa bwino, ndipo limakonda kuyenda kumtundu. Kutchula dzina la vuto la mwana si udindo wa wodzipereka. Udindo wake ndi kulemba zimene waona, monga malembo amene sakugwirika ngakhale atabwerezedwa kwa milungu yambiri, n'kuzipereka kwa mphunzitsi ndi makolo.

Chitetezo cha mwana chisanyozedwe, ngakhale wodziperekayo akudziwa kuti mtima wake ndi woyera. Phunziro lizichitikira pamalo poonekera, chitseko chili chotsegula kapena anthu ena ali pafupi, ndipo mwana asatengeredwe kunyumba kwa wodzipereka. Mphatso zapadera kwa mwana mmodzi, kulemberana mauthenga mwamseri ndi kuika zithunzi za ana pa Facebook kapena pa WhatsApp popanda chilolezo cha makolo ndi zinthu zoyenera kupewedwa. Sukulu kapena bungwe limene likufufuza mbiri ya munthu lisanamulole kukhala ndi ana likuchita bwino. Zimachitikanso kuti mwana, poona munthu wamkulu amene akumumvetsera, amaulula nkhanza zimene akukumana nazo. Pamenepo wodzipereka amvetsere modekha, asalonjeze kusunga chinsinsi, asamufunse ngati wapolisi, koma akauze tsiku lomwelo munthu amene ali ndi udindo woteteza ana pasukulupo.

Ntchitoyi ili ndi potsirizira pake, ndipo mathero ake ayenera kukonzedwa. Ndi bwino kulonjeza nthawi imene munthu angaikwanitsedi, teremu imodzi kapena chaka chimodzi, kusiyana ndi kulonjeza zambiri n'kuzimiririka pakati, chifukwa mwana amene wasiyidwa mwadzidzidzi amaganiza kuti wasiyidwa kaamba ka kulephera kwake. Wodzipereka amene akuchoka amuuziretu mwanayo padakali milungu ingapo, ndipo asiyire mphunzitsi kapena wolowa m'malo mwake kope losonyeza malembo ndi maphatikizo amene agwirika, amene akuvutabe, ndi mabuku amene awerengedwa. Mwana amene wayamba kuwerenga nkhani ya kalasi yake mosadodoma n'kuifotokoza m'mawu akeake safunikanso phunziro lapadera. Chimene akufunika tsopano ndi mabuku oti azibwereka ndi munthu womufunsa zimene wawerenga, ndipo nthawi imene ankathandizidwa iperekedwe kwa mwana wina amene pepala loyesera lija lamupeza akadali pa malembo.